Khoma la chipinda cha a Dominga

Amayi,

Kumene muliko mukudzuka bwanji? Ndikhulupirira kuti kumeneko kuli kamphepo, chifukwa kuno dzuwa layamba kale kutiwamba ngati milamba ya pamsika wa Bangula, pomwe mvula idakali patali.

Ndachedwa kukulemberani, ndikudziwa. Munkanena kuti Lusiya akakhala chete ndiye kuti waswa mbale. Simunaname. Koma ndiyambe ndi zabwino, monga munkachitira inuyo mukafuna kudzudzula munthu, kuyamba mwamupatsa mpando ndi madzi akumwa.

Mdzukulu wanu Madalo wachira, watipatsa mwana wamkazi, ndipo tamutcha dzina lanu. Mphuno ndi ya kwa bambo ake, tisanamizane, koma mtima wapachala ndi wanu. Akafuna bere safuna kumva zoti dikira. Mapira achita bwino chaka chino. Chimanga cha kumtunda chinapsa chisanamasule, ndipo ndinakumbukira mawu anu aja akuti dothi ili ndi la mapira ndi mchewere, chimanga timangodzalira kunyada. Mbuzi yanu yong'ambika khutu ija yaswa ana awiri, koma khalidwe sinasinthe. Mwezi watha inamaliza kholowa wa anthu oyandikana nafe, ine n'kukapepesa m'malo mwake. Mlongo wanga Petulo akadali kodula nzimbe ku Nchalo. Nthawi zonse amati abwera Loweruka, koma Loweruka lakelo silinafikebe.

Madzi aja mwamwa. Tsopano ndinene chimene chandikhazika pansi.

A Dominga sali pakhomo pano. Musadzidzimuke, ali moyo. Ali kutsidya kwa Shire, akugona mumsasa wa kudimba la munthu wina, ndipo anawachotsa pano ndine, osawathamangitsa ndi ndodo kapena ndi mawu. Mvula ikayamba, dimba limenelo limamira, ndipo sindikudziwa ngati adzavomere kubwerera m'nyumba muno madziwo asanafike. Ndili ndi manyazi, amayi. Ndikadutsa pamanda panu ndimayang'ana kumbali.

Inu mukuwadziwa kuposa ine, koma ndilembebe kuti ndidzimve ndekha. Anabwera nthawi ya nkhondo ya ku Mozambiki, mwamuna ndi mwana atawasiya m'nthaka ya kwawo. Munakumana nawo pachigayo akutola gaga wogwera pansi, n'kubwera nawo kunyumba. Anzawo atayamba kubwerera nkhondo itatha, iwo analibe wobwerera kwa iye, ndipo inu simunawafunse kuti achoka liti. Anandibereka kumsana ndili wakhanda. Ndinakula ndikuwatcha amayi aang'ono, ndipo ndinali kale namwali pamene ndinadziwa kuti si magazi athu.

Nyumba ino munaimanga ine kulibe. Madzi atakokolola yakale ya kumunsi ija, inu ndi malemu bambo munasamukira kumtunda kuno, ine ndili ku Nchalo ndi bambo a Madalo. Pamene ndinkabwera kudzaona, ndinapeza zonse zitatha: njerwa zootcha, malata, chipinda chanu, pabalaza, ndi kachipinda ka a Dominga pambali pa pabalazapo. Sindinafunse kuti chinayamba n'chiti. Munthu safunsa mbiri ya khoma.

Nkhani inayambira pamaliro anu. Simunaone, ndiye ndikuuzeni. Pabalaza panachepa. Titakugonekani pakati, malo otsala anakwana ife ana ndi amayi ochepa, ena onse a kutchalitchi n'kumayimbira panja padzuwa. Nthawi yotuluka, bokosi linakana kukhota pakati pa khomo ndi khoma la chipinda cha a Dominga. Amuna anabwerera m'mbuyo, anayesanso, mapeto ake anakupendeketsani. Ndinamva thupi lanu likusuntha m'katimo. Ndili m'kati molira, mayi wina kumbuyo kwanga ananong'oneza mnzake kuti, “Kunja malata, m'kati khola la nkhunda.” Misozi inauma, koma mawu amenewo sanachoke.

Titasamukira muno, poti nyumba munasiyira ine mwana wamkazi, ndinauza bambo a Madalo kuti khoma limenelo lichoke, pabalaza pakule.

“Nanga amayi aang'onowo?” anandifunsa.

“Tiwakonzera khitchini yakuseri ija. Tiikapo chitseko chabwino ndi zenera.”

Ndalemba dala kuti mudziwe wonena. Mkamwini wanu ali ndi zolakwa zake, koma ili si lake. Iye chimene ankaopa ndi denga basi. Anati makoma ena a m'kati amangogawa zipinda, ena anasenza nyumba, ndipo iye sakufuna kufa ndi malata pamutu chifukwa cha mipando ya alendo. Safunsa anadya phula, ndiye Lamulungu lotsatira, titatuluka m'tchalitchi, ndinaimitsa a Bizeki, mmisiri uja anamanga nyumba ya abusa.

“Khoma silifunsidwa ndi nyundo, mayi,” anatero. “Muyambe mwakwera, muone pamwamba pake. Ngati matabwa a denga agona pamenepo, kapena pali mtengo wochoka pakhomapo kukachirikiza mtanda, limenelo musaligwire, lingakupheni. Muonenso kunenepa kwake, kaya ndi njerwa imodzi kaya ziwiri. Pakona mukande pulasitala. Njerwa zake zikakhala kuti zalumana ndi za khoma lakunja, anamangira limodzi. Pansi pake muonenso ngati lili ndi maziko. Mukatha zonsezo mundiitane ndidzaone ndi maso anga, musanamenye kanthu.”

Zonsezo ndinazigwira bwino. Chimene ndinalephera ndi chaching'ono: kupita kwa a Dominga n'kuwauza chimene ndinkafuna. Ndinagubuduza mgolo wa madzi uja kulowa nawo m'nyumba, iwo atakhala pakhomo la chipinda chawo akusoka thumba. Atandifunsa, ndinati ndikufuna chiswe, ndamva ngati chikudya matabwa.

“Chiswe?” anatero. “Pyadidi, chabwino. Tichifune.”

Anasiya thumba lija n'kudzandigwirira mgolo. Amayi, nkhalamba imeneyo, miyendo yotupa ija, inakumbatira mgolo ndi manja onse kuti ine ndisagwe pamene ndinkayang'ana njira yoichotsera m'chipinda chake. “Ponda pakati, Lusiya, m'mphepetemo mwadzimbiri,” ankatero.

Pamwamba pa chipindacho munayala mphasa yotchinga kutentha kwa malata. Ndinaikweza. Fumbi, zisa za mavu, manyi a makoswe, ndi kutentha koti munthu angaphikire dzira. Matabwa a denga anachoka pakhoma lakutsogolo kukatera pakhoma lakumbuyo, ndipo khoma lathuli linangoyenda nawo mbali imodzi, pakati pa awiri, popanda ngakhale limodzi loligonera. Chodutsa pamwamba pake chinali mtanda umodzi wa bulugamu, koma pakati pa mtandawo ndi njerwa panali mpata wolowa dzanja. Mumpatamo munali kachipika kokhomeredwa. Ndinakaona, koma tsiku limenelo sindinakakhudze.

Tsiku lina ndinakanda pakona ndi chikwanje chakale. Pulasitala anangosweka mzere wowongoka kuchoka pamwamba mpaka pansi. Njerwa za khomali sizinalumane ndi zakunja, zinangotsamira. Kunenepa kwake njerwa imodzi, yomangira matope. Zinatsala ndi za pansi, ndipo mbali yabwino yoonera inali ya m'chipinda chawo.

Ndinagogoda. Anandilowetsa, n'kupinda okha mphasa yawo kuti ndipeze pogwada. Kuyambira pamene munatisiya ndinali ndisanalowemo. Katundu yense wa munthu amene wakhala nafe moyo wanga wonse anakwana pakona imodzi: kabokosi kachitsulo, mbale ziwiri, neti, nsapato za kutchalitchi. Pamsomali panali chitenje chanu chobiriwira chija, chimene tinawapatsa pogawa zovala zanu. Sanachivalepo. Anangochikoleka poti akadzuka azichiona.

Ndinasema njerwa yapansi pang'ono. Simenti ya pansi inangopitirira yosalala kudutsa kunsi kwa khoma mpaka pabalaza. Maziko kunalibe. Khomalo linangokhala pamwamba ngati mbale patebulo.

“Chiswe chija wachipeza?” anandifunsa.

“Ayi, amayi.”

“N'chochenjera,” anatero, n'kuyamba kusesa fumbi limene ndinagwetsa.

Ndinatuluka m'chipindamo mtima utatembenuka. Pabalaza papakulu ndinkapafunabe, sindinama. Koma nkhope yokawauzira kuti asamukire kuseri inandithera. Ndiye ndinakumbuka kachipika kaja. Tsiku limene a Dominga anapita kumjigo ndinakweranso ndekha, n'kukakhudza ndi chala. Kanagwedezeka, amayi. Chinthu chosenza denga sichigwedezeka ndi chala cha mzimayi, zimenezo ngakhale ine wosaphunzira zomanga ndinadziwa. Koma ndinatsika ndili wokondwa, poti ndinapeza pobisala. Ndikanena kuti khoma lasenza mtanda, bambo a Madalo asiya, a Dominga akhala, ine sindinena kanthu kwa aliyense, ndipo anthu akadzatinena za khola la nkhunda ndidzati vuto ndi mamangidwe. Ndinaiwala zimene munkanena zija, kuti mapanga awiri avumbwitsa.

Madzulo ake, dzuwa litapendeka, tinali pakhonde. Bambo a Madalo ankamata chubu cha njinga, a Dominga akupeta mapira. Ndinalankhula mokweza kuti onse amve.

“Ndaona bwinobwino. Pali mtengo wochirikiza mtanda pamwamba pa khoma lija. Lasenza denga. Tilisiye.”

“Basi, nkhani yatha,” anatero bambo a Madalo, osadzutsa n'komwe mutu.

A Dominga anapeta kawiri katatu, kenako anaika lichero pansi.

“Lusiya, suja umafuna chiswe?”

Ndisanayankhe, anapitiriza.

“Ndakalamba miyendo, mwananga, makutu ayi. Nyumba ino ilibe siling'i, zimene mumakambirana kuchipinda kwanu zimadumpha khoma. Tsopano tamvera. Khoma limenelo linabwera denga litatha kale. Titasamukira kuno ine ndinkagona kukhitchini yakuseri, pamodzi ndi nkhuku. Sindinadandaule, ndinali nditagonapo poipa kuposa pamenepo. M'mawa wina mayi ako anandipeza ndikuchapa mphasa imene nkhuku zinaipitsira. Anapita kwa bambo ako n'kuwauza kuti njerwa zotsala zija zilowe m'nyumba lero. Bambo ako anang'ung'udza kuti pabalaza pachepa, mayi ako n'kuyankha kuti alendo amabwera n'kupita, uyu sapita. Njerwa tinatuta awiri, matope tinaponda awiri, bambo ako akumanga atakwinya nkhope. N'chifukwa chake linapendekeka.”

Anadzuka movutikira, n'kutenga mtengo uja timagwetsera masawu, n'kulowa m'nyumba. Tinawatsatira. Anakankha mphasa yapamwamba ija, n'kugogoda kachipikako kamodzi. Kanagwera pansi n'kugubudukira kumapazi kwanga.

“Kachipikako ndinakaika ndine,” anatero a Dominga. “Nkhani yake ndi iyi. Ndinkamangirirapo ngala za mbewu, makoswe asazipeze. Sikanasenzepo kanthu koposa mapira.”

Bambo a Madalo anayang'ana kudenga. Denga linali phee.

“Amayi, mukanangokhala chete,” ndinatero.

“Nkhabe, ayi. Ine sindingakhale m'nyumba ya munthu chifukwa cha kachipika. Ndikakhala muno, ndikhale poti mwini nyumba wanena kuti khalani. Pakamwa uli napo, Lusiya.”

Apa ndiye pamene pali manyazi anga onse, amayi. Osati pabodza la chiswe, osati pabodza la kachipika. Pano. Anaima patsogolo panga atatsamira mtengo wa masawu, akudikira. Mkamwini wanu anandiyang'ana, poti nyumba ndi ya kwathu ndipo mawu anali anga. Mawu ake anali amodzi, mwana woyamba kumene kulankhula akhoza kuwatchula. Ine ndinayang'ana zala za kumapazi. M'mutu mwanga munadutsa bokosi lanu likupendekeka, munadutsa mayi wonong'ona uja, munadutsanso mkwiyo woti andiyalutsa pamaso pa mwamuna wanga. Ndinatsegula pakamwa n'kunena kuti, “Tidzakambirana.”

“Takhuta,” anatero, kuthokoza m'chilankhulo cha kwawo. Anatuluka, n'kukatola lichero lawo.

Sanakwiye, sanasiye kudya nafe. Patapita masiku ochepa anandiuza kuti mnzawo wa kutchalitchi, a Marosa, ali ndi dimba kutsidya, cha ku Makhanga, ndipo akusowa munthu woingitsa mbalame ndi mbuzi. Anati akawathandize pang'ono. Tonse tinadziwa kuti woingitsa mbalame satenga kabokosi kachitsulo ndi nsapato za kutchalitchi. Ndinawaitanira kabaza. Ndinawamangira shuga ndi mchere m'kansalu. Ndinawaperekeza mpaka kumsewu monga timachitira ndi mlendo, n'kunena kuti muyende bwino. Ngakhale pamenepo pakamwa ndinali napo.

Mukanakhala inu, chipindacho mukanachisiya chotseka mpaka mwini wake atabwera. Ine ndinadziuza kuti poti achoka okha, palibe amene ndamulakwira. Ndinaitana a Bizeki. Anakwera pamgolo, anagwedeza mtanda, anayang'ana pakona ndi pansi, n'kunena kuti ndinaona bwino, khomalo silinasenze kanthu. Anayambira pamwamba, kuchotsa njerwa imodziimodzi ndi manja, poti matope sankafuna n'komwe nyundo. Dzuwa lisanafike pamutu, khoma linali mulu panja. Denga silinatsokomole n'komwe.

Pabalaza panakula, ndisakunamizeni. Mphepo ikulowa, munthu akhoza kuyala mphasa zingapo. Anthu anabwera kudzaona n'kumayamikira, ine n'kumaseka nawo. Koma pansi panatsala mzere wa matope pamene panali khoma, ndipo ndakolopa ndatopa, sukuchoka. Chodabwitsa n'chakuti palibe amene amaudumpha. Bambo a Madalo akafuna kutsegula zenera la mbali imeneyo amazungulira, n'kukalowera pamene panali chitseko. Inenso ndimatero. Mipando imene ndinkaifunira malo ija yaunjikana mbali yakale yomweyo. Mayi uja wa khola la nkhunda naye anabwera. Anayang'ana uku ndi uku n'kunena kuti, “Mwakonza bwino. Nanga a Dominga mwawaika kuti?” Walira mvula walira matope.

Ndinapirira choncho mpaka Madalo atatuluka kuchipatala n'kubwera kuno ndi khanda. Tsiku loyamba kumusambitsa mwanayo, ndinatenga beseni n'kupeza manja anga sakudziwa poyambira. Ndinabereka ana, inde, koma wowasambitsa ali ofiira anali a Dominga, ine n'kumangolandira atapukutidwa kale. Madalo anandiyang'ana n'kufunsa kuti, “Amayi, agogo a Dominga abwera liti? Ndinkati mwana wanga ayambe kugwiridwa ndi iwo.” Ndinayankha kuti ali kudimba, abwera. Iye anayang'ana mzere uja pansi. Kudzudzulidwa ndi mwana wako wosatsegula pakamwa n'kowawa kuposa kwa inu kuja.

M'mawa mwake ndinakwera minibasi mpaka pa Bangula, n'kutsikira kudooko kukawoloka. Mukudziwa mmene ndimaopera bwato. Ndinagwira m'mphepete ndi manja onse mpaka tsidya, wopalasa akundiseka kuti ng'ona za kuno zimasankha, sizidya anthu amantha. Kutsidyako ndinafunsa dimba la a Marosa, anthu n'kundilozera.

Ndinawapeza atakhala pansi pakhomo pa msasa wa udzu, atagwira chingwe chomangirira zitini. Mbalame zikatera, amakoka, zitini n'kulira. Aonda, amayi. Mikono yonse ndi zilonda za udzudzu. Kabokosi kaja anakakweza pa njerwa ziwiri, ndipo chitenje chanu chinali chokoleka pa nsichi ya msasawo. Atandiona sanadabwe. Anandiyalira thumba, anathyola chimanga chachiwisi n'kuchiika pamakala, kenako ndiye anafunsa.

“Denga lagwa?”

“Ayi.”

“Ndinakuuza.”

Ananena monyadira, ngati munthu amene wapambana mlandu. Ndinawauza za mwana, n'kuwaonetsa chithunzi pafoni. Anachiyang'ana nthawi yaitali, akusisita galasi ndi chala, n'kunena kuti mutu sanauumbe bwino, ndani akumusambitsa. Pamenepo ndinalephera kudzigwira. Ndinachoka pathumba paja n'kugwada m'dothi.

“Amayi, ndinalakwa. Tiyeni kwathu. Ndikufuna mukhale m'nyumba muja. Ndanena ndine, mwini nyumba.”

Anatembenuza chimanga pamakala. Anakoka chingwe, ngakhale mbalame panalibe.

“Mawu afika,” anatero. “Achedwa ngati sitima ya panjanji yathuyi, koma afika. Takhuta. Tsono ndikagona pati? Pabalaza pa alendo?”

“Ndimanganso khoma.”

Anaseka mpaka kutsokomola. “Kugwetsa iwe, kumanga iwe. Njerwa zimenezo zidzakusumira kwa mfumu.”

Ndinawapempha kuti tinyamuke limodzi tsiku lomwelo, agone kaye ndi Madalo. Anakana. Anati a Marosa anawalandira popanda funso, sangawasiyire chimanga chili pafupi kukhwima, munthu sachoka pamalo ngati wakuba. Ndinawakumbutsa za madzi, kuti mvula ikagwa kumtunda dimba lonselo limasanduka mtsinje. Anati madzi akuwadziwa, anawathawapo kambiri. Pondiperekeza anafika pothera chimanga pokha, poti miyendo sinalole.

“Ukamaliza udzandiuze,” anatero. “Ndidzabwera ndidzaone ngati lawongoka.”

Kudzaona, amayi. Sananene kuti kudzakhala. Ndawatembenuza mawu amenewo njira yonse ya m'bwato ndi m'minibasi, ndipo mpaka lero sindikudziwa kuti anatanthauza chiyani.

Nditafika ndinapita kwa a Bizeki ndisanalowe n'komwe m'nyumba. Ndinawauza kuti khoma libwerere pamzere womwewo, koma osati monga linalili. Aswe simenti, akumbe maziko. Njerwa zikhale ziwiri, zomangira simenti, zolumana ndi makoma akunja mbali zonse. Likwere mpaka mtanda wa bulugamu uja ugone pamwamba pake, aumangirire ndi waya wolowa m'njerwa.

Anakanda m'mutu. “Mayi, denga limenelo silikusowa thandizo. Mwaona nokha.”

“Ndaona. Mulichititse kuti lizilisowa.”

“Mukatero, wodzafuna kuligwetsa adzayambe wasasula malata.”

“N'zimene ndikufuna,” ndinatero. Sindikudzikhulupiriranso, amayi, ndipo ana anga ndi magazi anga omwewa.

Bambo a Madalo sanatsutse. Anangoti akanadziwa akanakwatira mkazi wa nyumba yaudzu, kenako anatenga pikiyo n'kuyamba kuswa simenti okha. Mmene ndikulemba pano, m'nyumba muli ngalande pakati, fumbi lili m'mbale ndi m'mabulangete, ndipo mwana tamusamutsira kuchipinda chanu. Kumjigo andipatsa dzina, akuti a Gwetsa-Manga. Ndikafika amayi amasiya kulankhula, ena amatsokomola dala. Sindiwayankha. Akuseka zoona, ndipo zimene akudziwazo n'zochepa poyerekeza ndi zimene ndakuuzani inu.

Maziko atha, njerwa zafika m'chiuno. A Bizeki akuti simenti isathamangitsidwe, iume bwino, koma ine maso ali kumapiri a ku Thyolo, kumene mitambo yayamba kusonkhana masana. Khomalo likangotha sindituma munthu kapena kuimba foni. Ndikawoloka ndekha. Akakana ndidzapitanso, ndipo akadzakananso, madzi akadzabwera adzatipeza tonse awiri tsidya limenelo. Limeneli ndi lonjezo langa kwa inu.

Koma nanenso ndili ndi pempho, ngakhale ndilibe nkhope yopemphera. Ndikudziwa kuti mwamusowa mnzanu. Ndinaona mmene aondera, ndinamva chifuwa chija, ndipo ndikudziwa kuti inu mukangoti bwera, iwo sadzafunsa kuti ndikagona pati. Musawaitane kaye, amayi. Ndipatseni mpata ayambe agona m'chipinda chawo.

Mupereke moni kwa bambo. Muwauze kuti ulendo uno khoma tikumanga ndi chingwe, lawongoka.

Ndine mwana wanu wokukondani, woswa mbale uja,

Lusiya